Koleira ya ku Limbe

A Benjamim Muhacha anagwira ntchito ya boma mpaka imvi osalamulapo munthu ngakhale mmodzi. Anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni ya Milange, ndipo ntchito yawo inali kunyamula mapepala kuchoka pa tebulo la bwana wamng'ono kupita pa tebulo la bwana wamkulu, kenaka n'kubwerera kukauza anthu a pabenchi kuti abwerenso mawa. Ankawauza mwaulemu kwambiri moti ena ankachoka akuthokoza. Atapuma pa ntchito anatsala ndi lamba wa yunifolomu, Chipwitikizi cha mu ofesi, ndi dzanja lamanja loponya madati.

Madatiwo anawaphunzira kutsidya. Nkhondo itakula anathawa kwawo ku Molumbo n'kuwoloka Ruo pamodzi ndi amayi awo, ndipo atatopa ndi kuima pa mzere wa ufa ku kampu anapeza ganyu yotsuka matambula pa kalabu ina ya m'minda ya tiyi. Kumeneko anaona makalaliki a mimba zawo akuponya timivi ting'onoting'ono pa bolodi lozungulira, akukangana za manambala ngati pali maliro. Masana kalabu ikakhala zii, iwo ankapukuta manja n'kumaponya okha. Mtendere utabwera, anzawo anabwerera kumudzi atasenza malata, mabulangete ndi mapoto. A Benjamim anabwerera ndi mkazi, mayi Antónia, ndi bolodi lakutha limene a kalabu anataya kuseri kwa khitchini.

Bolodi limenelo analikhoma m'bala ya Dona Januária pafupi ndi msika, ndipo pamenepo m'pamene anthu a ku Milange anayambira kuboola khoma la mayiyu. Bolodi linatha, linabwera lina, nalonso linatha, koma a Benjamim anakhalabe. Chaka ndi chaka amuna a ku Muloza amawoloka malire kudzapikisana ndi a ku Milange, ndipo wotseka masewero kumbali ya Milange ankakhala a Benjamim. Pa madati ukhoza kutsogola kutali, koma sumaliza usanabaye dabulo, kamzere kopyapyala ka m'mphepete mwa bolodi. Anyamata ankadandaula kuti lamulo limeneli n'lankhanza. A Benjamim sankaona chodabwitsa, poti ku ofesi nako pepala limatha kudutsa matebulo onse bwinobwino n'kukafera pa siginecha yomaliza.

Maso okha ndiwo anayamba kuwathawa. Manambala a pabolodi sankawawerenganso, ankangodziwa pamene iliyonse imakhala, monga munthu adziwira makomo a anansi ake. Sanauze aliyense, koma Cláudio, mkamwini wa Dona Januária, anali atazindikira, ndipo ankawapatsa moni mwa chikondi cha munthu amene akudikira mpando.

Ndiye kunabwera galu. Anali mphatso yochokera kwa mlamu wawo wa ku Molumbo, bambo amene amapatsa abale zinthu zimene iye zamukanika. Anali kagalu kofiirira, ka miyendo yaitali kuposa nzeru zake, khutu lina loima lina logona. A Benjamim anamutcha Despacho, dzina la chigamulo cha bwana chimene anthu a pabenchi aja ankadikira. Dzina linamukhala: ukamuitana sabwera, akabwera amabwera pa nthawi yolakwika, ndipo akafika china chake chimawonongeka.

Despacho ankakhulupirira kuti chilichonse chimene mbuye wake waponya, waponyera iye. Dati likagwa pansi ankalitola n'kuliyendetsa msika wonse, a Benjamim ali pambuyo wefuwefu pakati pa matebulo a tomato. Tsiku lina analumpha dzanja lili m'mwamba, nagunda chigongono, dati n'kukatera pa kalendala ya parishi, pamphumi penipeni pa woyera mtima. Dona Januária anachita chizindikiro cha mtanda, nazula datilo yekha.

"Kompadire," anatero mayiyo, poti ankaitanana ngati abale a pa ubatizo, "Loweruka lino a ku Muloza akubwera. Galu wanuyu akhale pansi ngati mlendo. Apo ayi, nonse awiri mukhale kunyumba, atseke Cláudio."

"Komadire, Cláudio amaponya ngati akuingitsa nkhuku pa mphale."

"Koma alibe galu."

Kumusiya kunyumba sikukanatheka. Anayesapo kamodzi, ndipo Despacho analira mokoka mawu mpaka amayi a mpingo anafika atamanga zitenje kudzafunsa kuti watisiya ndani. Mayi Antónia anaweruza nkhaniyo osadzutsa mutu pa nyemba zimene ankasankha.

"Munamulandira ndinu, abambo ake Nelsa. Komwe mukupita, nayenso apite."

Choncho a Benjamim anatsegula sukulu pabwalo la nyumba yawo. Malamulo ankapereka m'Chipwitikizi, chifukwa ndicho chilankhulo chimene iwo anamveramo malamulo moyo wawo wonse. Kuyamikira ankayamikira m'Chinyanja, ndi kabonya kamodzi pamwamba. Kutukwana ankatukwana m'Chilomwe. Galu anagwira msanga Chilomwe.

Vuto linali pogwirira. Anayamba ndi chingwe cha khonje pakhosi, Despacho anachitafuna. Anadula mphira wa chubu cha njinga, koma mphira umatamuka: galu ankathamanga mpaka pa mpanda, n'kubwerera chouluka kudzagunda maondo a mphunzitsi. Pomaliza anapereka nsembe lamba wawo wa yunifolomu, namuboola ndi msomali wamoto. Despacho anangobweza makutu m'mbuyo n'kumuvula ngati juzi. Apo a Benjamim anapita kwa Ednilson, wamalonda amene amakapikula katundu ku Limbe, namujambulira pa mchenga chimene ankafuna: chachikopa, chokhala ndi chomangira chachitsulo ndi mphete yokolekamo chingwe.

Chinafika Lachinayi, chakuda, chonunkhira sitolo. Mayi Antónia anachitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye lamba ameneyu ndi amene mwakhala mukulota?"

"Lamba ndi wa buluku, amayi ake Nelsa. Ichi ndi koleira."

"Kolera."

"Ko-lei-ra."

"Ndi zomwe ndanenazo."

Pakamwa pa Mpwitikizi, mawu a chomanga pakhosi pa galu ndi mawu a matenda otsegula m'mimba aja amasiyana bwinobwino. Koma pa mjigo wa m'bairro mwawo, dera lawo la m'tauni, sipatunga Mpwitikizi. Mawa lake mayi Antónia anakumana pamenepo ndi mayi Edite a nyumba yoyandikana nayo.

"Abambo kunyumbako ali bwanji, anzanga? Sakuoneka."

"Ali pakhomo. Sakutuluka n'komwe. Ali ndi kolera yawo ija."

"Mwati chiyani?"

"Kolera. Yabwera dzulo kuchokera ku Limbe. Akuti za kuno sizigwira."

Mayi Edite anasiya kupopa. "Nanga inuyo?"

"Ine sizikundikhudza. Yayamba ndi galu. Yamugwira pakhosi, lilime lili panja. Iwo ndiye akuti mawa apita nayo ku bala."

Mayi Edite anaiwala ndowa yawo pa mjigo. Ndipo asaimbidwe mlandu, chifukwa kuno mawu amenewa saseka nawo. Mvula iliyonse anthu amatchera khutu, ndipo alipo mabanja amene akudziwa mmene matendawa amathamangira.

Nkhani inafika kwa a Tito, sekeretariyo wa bairro. A Tito anapitako ku maphunziro a zaumoyo ku Mocuba, komwe anabwerako ndi chipewa, malaya olembedwa kumsana, ndowa ya mpopi ndi chingwe chachitali chofiira. Kuyambira pamenepo bairro yawo inakhala yathanzi mokhumudwitsa. Loweruka m'mawa, a Benjamim akutuluka ndi galu kuti abwereze maphunziro komaliza, anapeza zikhomo zakhomedwa kuzungulira bwalo lawo, chingwe chofiira chitakokedwa kuti ndii, ndipo kuseri kwake kwaima a Tito atamanga mpango pamphuno.

"Imani pomwepo, a Muhacha. Ndili ndi mafunso. N'zoona kuti pakhomo pano pali kolera?"

"Ilipo, shefi."

"Mukuvomera?"

"Ndikanirenji? Zinalipo zina zitatu m'mbuyomu, koma zinali zofooka. Iyi ndiye yeniyeni."

"Munaitenga kuti?"

"Ku Limbe. Anabwera nayo Ednilson."

A Tito anatseka maso pang'ono, akuwerengera anthu onse amene amagula sopo kwa Ednilson. "Ndipo mumafuna kupita nayo ku bala?"

"Ndi chifukwa chake ndinaitanitsa. Dona Januária ndi amene anandikakamiza."

Anali mayi Antónia, ataima pakhonde ndi tsache, amene anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. A Benjamim anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mpango wa a Tito, anayang'ana ndowa ya mpopi, ndipo nkhope inagwa. Ananyamula Despacho m'mwamba ngati mwana wa ubatizo, naonetsa khosi.

"Koleira, shefi. Iyi. Ya galu."

A Tito anasuzumira osayandikira. Anatsitsa mpango. "Ndaona. Koleira."

"Ndiye chotsani chingwechi. Masana ano ndili ndi masewero."

"Sindingathe. Ndaimba kale foni."

"Imbaninso."

"A Muhacha, inu mwagwirapo m'boma. Kutseka ndi mphamvu ya bairro. Kutsegula ndi mphamvu ya distirito. Abwera adzaone okha."

"Liti?"

"Lolemba. Galimoto ikapeza mafuta."

A Benjamim anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa polowera. Munthuyo sanalakwitse ndondomeko pena paliponse, ndipo analankhula mwaulemu. A Benjamim anakhala pa mpando wa ndalema, galu pamiyendo, akuganiza za Cláudio ataima pa mzere wawo, akukwinya diso limodzi monga amachitira, a ku Muloza akugwedezana zigongono. Ndipo ankadziwa kuti mpando ukakhalidwa kamodzi subwezedwa.

Dzuwa likukwera anthu anadzadza kuseri kwa chingwe. Anaima patali ndithu, poopa matenda, koma osati patali poti asaone. Nkhani yoti ndi lamba wa galu inali itamveka kale, koma sinayende msanga ngati yoyamba ija, ndipo ambiri sanaikonde. Dona Januária anafika ndi botolo la madzi a mchere ndi shuga, atamva zoona zake anapukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje.

"Pepani, kompadire. Basi atseka Cláudio."

"Dikirani, komadire." A Benjamim anatembenukira kwa a Tito. "Shefi, lamulo likuti chiyani kwenikweni?"

A Tito anakonza chipewa. Funso limeneli analidikira nthawi yaitali. "Wa mkati asatuluke. Wa kunja asalowe. Atalikirane mamita awiri."

"Nanga katundu?"

"Katundu akhoza kudutsa, bola aviikidwe m'madzi a kolorini."

Kunja kwa chingwe, moyang'anana ndi khonde, kunali mtengo wa mapeyala. Kuchoka pa chingwe kufika pa thunthu lake panali mamita awiri ndi kachidutswa, ndendende mtunda umene munthu amaima poponya madati. Dona Januária anayang'ana mtengo, anayang'ana khamu lija, naona kuti makasitomala ake onse a Loweruka anali kale pompano, ouma kukhosi. Anatuma Cláudio kukatenga bolodi, msomali ndi makireti.

A ku Muloza anafika dzuwa litapendeka, motsogozedwa ndi a Naphiyo, mphunzitsi wopuma amene wakhala akulimbana ndi a Benjamim kuyambira onse ali ndi tsitsi. Anaima kuseri kwa chingwe, manja kumbuyo, nayendera wodwalayo ndi maso.

"Achimwene, tamva kuti mwatibera kolera yathu. Pa boda munalipira msonkho?"

"Inadutsa ngati katundu wa munthu mwini, aphunzitsi."

"Mwaonda."

"Ndi nkhawa yoti mubwerera opanda kanthu."

Panabuka mkangano wa mzere. Aliyense anayenera kuponya ataima pamodzimodzi, koma pamodzimodzipo panali pa chingwe. A Tito anagamula kuti a Benjamim aziima zala za kumapazi zitagunda chingwe chamkati, ena onse aziima cha pambali, kunja, pa mzere wojambula ndi phulusa, ndipo wina akamaponya a Benjamim azibwerera pakhonde. A Tito eni ake anakhala pa kireti pafupi ndi mtengo, ndowa pakati pa miyendo. Dati lililonse lochoka mkati ankalizula ndi pulayala, kuliviika, kuligwedeza katatu, n'kuliponyera mwini wake pa udzu. Ntchitoyi ankaigwira ndi nkhope ya wansembe, ngakhale iwo, a Benjamim, galu ndi theka la anthu oonerera ankadziwa kuti palibe akudwala.

Despacho anamangidwa pa chikhomo cha pangodya. A Benjamim anamuyang'ana m'maso, nakweza chala.

"Senta."

Galu anakhala pansi. Anthu anang'ung'udza mosakhulupirira. Dati loyamba linauluka, Despacho ananjenjemera kuyambira kumphuno mpaka kumchira, koleira inamukumbutsa, ndipo anakhalabe. Kabonya kanatuluka m'thumba la malaya. Mayi Antónia pakhonde anati, "Kodi kani amamva."

Madati onyowa sauluka ngati ouma. Amaterera m'zala, ndipo nthenga zake zikalemedwa amagwetsa mphuno. A Benjamim anataya masewero awo oyamba, a Naphiyo n'kuwafunsa ngati akufuna madzi a mchere ndi shuga aja. Kenaka anaphunzira kupukuta chitsulo pa buluku ndi kulozera m'mwamba pang'ono. Anzawo a ku Milange anapambana ena, kuluza ena. Cláudio anabaya peyala. Pofika pa masewero otsiriza mbali ziwiri zinali zofanana, ndipo panatsala akuluakulu awiri aja.

A Naphiyo anatsogola, nafika pa dabulo yawo, naiphonya katatu motsatizana, akunena kuti mtengo ukugwedera. A Benjamim anatsala ndi dabulo sikisitini, kumanzere chakumunsi, khomo limene analigogoda moyo wawo wonse. Anagunditsa zala pa chingwe. Anapisa m'thumba kuti apatse galu kabonya ka chitonthozo, napeza muli mchere wokhawokha.

"Senta," anatero, opanda kanthu m'manja.

Despacho anayang'ana dzanja, anayang'ana nkhope, nakhala pansi ngati munthu amene wauzidwa kuti malipiro achedwa.

Dati loyamba linagunda waya, linadumpha, n'kugwera pa fumbi kunja kwa chingwe, likunyezimira. Galu anapirira kwa kanthawi kokwana kumeza malovu. Kenaka ananyamuka.

Koleira ya ku Limbe inagwira. Sinaduke, sinatamuke, sinavuke. Chimene chinagonja ndi chikhomo. Chinazuka ndi dothi lake, chinazula chinzake, ndipo Despacho, dati lili kukamwa, anathamanga ndi chingwe chonse cha boma pambuyo pake. Anadutsa kuseri kwa a ku Muloza, anazungulira makireti a Dona Januária, anakhota pa mtengo wa mapeyala, anapyola kumbuyo kwa a Tito, nabwerera pakhonde kudzagona pa mapazi a mayi Antónia. Oonerera a patali anabalalika. Fumbi litatsika, chingwe chofiira chinali chitagona pansi mozungulira nyumba, mtengo, bolodi, mowa, matimu onse awiri ndi sekeretariyo wa bairro.

A Tito anaimirira. Anatsata chingwe ndi maso kuyambira pomwe chayambira mpaka pomwe chathera, kenaka anayang'ana nsapato zawo.

"Tili mkati," anatero.

"Mkati mwa chiyani?" anafunsa a Naphiyo.

"Malire ndi pamene pali chingwe. Sindinaike ndine pamenepa, koma ndi pamene chili."

"Bwana, ine mawa ndikuimbitsa kwaya. Ndine wa dziko lina."

"Lolemba, aphunzitsi."

"Ndiye chikokeni chibwerere pomwe chinali."

"Kuchikokera mkati ndi kutsegula," anayankha a Tito mwachisoni, nakhalanso pa kireti.

Dona Januária anawerenga mitu imene yatsekeredwa pamodzi ndi makireti ake, ndipo sanaoneke wodandaula. Mayi Antónia anawerenga mitu yomweyo, nalowa m'nyumba kukabisa nkhuku.

Pa chipwirikiti chonsecho munthu mmodzi yekha sanasunthe. A Benjamim anali chiimire, phazi lamanja kutsogolo, madati awiri m'dzanja lamanzere. Chingwe chimene chinali mzere wawo chinali chitapita, koma pa fumbi panatsala kanjira kamene chinagonapo, ndipo zala zawo zinali pomwepo.

"Mzere palibe," anatero a Naphiyo. "Masewero afa."

"Bwerani muone mapazi anga, aphunzitsi. Tsopano mukhoza kuyandikira."

A Naphiyo anabwera, anawerama, anayang'ana kanjira kaja ndi zala zija. Anadzuka akupukusa mutu. "Logwa lija lawerengedwa. Mwatsala ndi awiri."

"Ndikudziwa."

Lachiwiri linabaya kunja kwa waya, pafupi kwambiri moti Cláudio anayamba kuwomba m'manja n'kusiya. A Benjamim anapukuta lachitatu pa buluku. Bolodi kwa iwo linali chinthu chakuda chozungulira chokhala ndi mawanga, koma dati lachiwiri lija linkaoneka nthenga zake, ndipo anangofuna kuti lachitatu likagone pambali pake, chamkati, ngati mkazi ndi mwamuna. Kumbuyo kwawo galu ankatafuna nthenga za loyamba, khutu lija loima lili tcheru.

Anaponya. Kunamveka kuti thi, kenaka zii.

"Aphunzitsi," anatero a Benjamim osatembenuka, "tawerengani, inu ndinu ophunzira."

A Naphiyo anapita pa mtengo, anavala magalasi, anayang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa imene inafunika.

"Lalowa," anatero. "Matenda akuthandizani."

A ku Milange anakuwa, Dona Januária anatsegula botolo ndi mano n'kulipereka kwa kompadire wake, ndipo Cláudio anawagwira chanza ndi manja awiri. A Benjamim anayenda okha mpaka pa bolodi, koyamba tsiku limenelo, nazula madati awo ndi zala zawo. Potembenuka anapeza a Tito atatambasula pulayala. Anawapatsa. A Tito analiviika lililonse m'ndowa, kuligwedeza katatu, n'kulibweza kwa mwini wake, amene anaima pambali pawo penipeni.